Kawailesi ka sola kokhala ndi Baibulo lomvera: ndemanga yochokera ku Nkhotakota

M'masitolo ang'onoang'ono a zamagetsi pa boma la Nkhotakota, pa Dwangwa ndi m'misika ina ya m'mbali mwa msewu wa M5 mwadzaza tiwailesi tating'ono tochokera ku China, tokhala ndi sola kumsana, tochi kumutu ndi kabowo kolowetsamo memori khadi. Maina olembedwa pa makatoni ake ndi osiyanasiyana ndipo amasinthasintha, koma kapangidwe kake n'kofanana kwambiri, kotero kuti zimene ndilembe pano zikukhudza pafupifupi tonse ta mtundu umenewu. Anthu ambiri amatigula kuti azimvera mpira, nkhani ndi mauthenga a maliro. Ine ndinagulako kamodzi pa chifukwa china: ndinafuna kuti mayi anga, amene maso awo anachita nkhungu mpaka kulephera kuwerenga, azimva Baibulo m'Chichewa pa nthawi imene moyo unawalemera kwambiri. Ndemanga iyi ndi ya kawailesiko pamodzi ndi ntchito ya sitolo imene inandiikira mawu m'khadi, ndipo funso limene ndayezera zonsezi ndi lakuti, kodi chipangizochi chimamuthandiza Mkhristu wosautsidwa kupitiriza kuyamika Mulungu, kapena chimangodzaza nyumba ndi phokoso?

Anthu a kunyanja tadutsa m'zambiri m'zaka zochepa zapitazi. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 inafika ndi m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, ndipo m'dziko lonse inapha anthu oposa 1,700. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya sopo, mchere, mafuta ophikira ndi feteleza inakwera m'masiku ochepa okha. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa ndi mitsinje ina ya m'boma lino inasefukira, anthu zikwizikwi anathawira m'misasa, ndipo msewu wa M5 unaduka m'malo ena. Mwezi wotsatira boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28 chifukwa cha nyengo ya El Niño, kotero kuti ngakhale achibale a kutali amene tikanawadalira analibe chimanga chotigawira. Nyanja nayonso inakwera ndi kumeza nyumba ndi madimba a m'mphepete mwake. Akuluakulu ananena kale kuti mvula ikakuona litsiro siikata.

Mayi anga amakhala kumudzi chakumwera kwa Dwangwa. Pa madzi osefukira aja nyumba yawo ya zidina inagwa, chinangwa chinaolera m'munda, ndipo Baibulo lawo lakale, limene ankasunga ngakhale kuti sankaonanso zilembo, linanyowa mpaka masamba ake anamatirirana. Ndi mayi wa Chigwirizano, gulu la amayi a mpingo wa CCAP, amene kwa zaka zambiri ankadzuka m'mamawa ndi nyimbo pakamwa, koma atachoka ku msasa nyimbozo zinatha, mapemphero awo anafupika, ndipo pa chakudya ankangoti "tiyeni tidye." Sanasiye kukhulupirira, koma mawu oyamika anawauma pakamwa. Ichi ndi chimene chinandidetsa nkhawa kuposa nyumba yakugwayo, pakuti nyumbayo tinkadziwa kuti pang'ono ndi pang'ono tidzaimanga.

Kawailesiko n'kakang'ono moti kamakwana m'dzanja limodzi, ndipo kali ndi kachingwe kokolekera pa msomali. Kutsogolo kwake kuli sipika imodzi, kagalasi koonetsa manambala ofiira, mabatani oyatsira, oimitsira ndi olumphira kutsogolo kapena kumbuyo, komanso mabatani a manambala kuyambira 0 mpaka 9. Mabatani a manambalawa ndiwo chinthu choyamba choti muyang'ane, chifukwa pali tiwailesi tina totsika mtengo pang'ono timene tilibe, ndipo pa timeneto munthu wofuna mutu wina wa Baibulo ayenera kudina batani lolumphira kambirimbiri mpaka chala kutopa. Mawu a munthu wowerenga amamveka bwino ndithu m'chipinda kapena pakhonde, ngakhale kwa munthu wachikulire, koma mukakweza kwambiri nyimbo za kwaya sipikayo imanjenjemera ndi kusasa mawu. Eriyo yake ndi yopyapyala ndipo imathyoka msanga m'manja mwa ana. Tochi yake ndi yokwanira kuunikira poyalira mphasa ndi potuluka panja usiku, ndipo kwa mayi amene ankagula mabatire a tochi mwezi ndi mwezi, chimenechi chokha n'chopulumutsa ndalama.

Pa nkhani ya sola, katoni limalonjeza zambiri kuposa zimene kawailesiko kamachita. Kasola kake n'kakang'ono kwambiri, ndipo kukaika padzuwa tsiku lonse kumapereka mphamvu yomvera madzulo amodzi ngati simunayatse tochi nthawi yaitali. M'miyezi ya mitambo, imene ndiyonso miyezi ya njala ndi ya madzi osefukira, mphamvuyo imaperewera. Vuto lina ndi lakuti solayo inamamatira ku thupi la wailesi, choncho poiyanika padzuwa mumayanikanso batire, ndipo kutentha kwa kunyanja kuno mu Okutobala ndi Novembala kumafooketsa batire msanga. Ife timakaika padzuwa la m'mawa n'kukachotsa lisanafike paliwombo, ndipo kakafooka kwambiri timakatchajitsa ndi chingwe cha USB kwa mnansi amene ali ndi sola yaikulu. Chabwino n'chakuti batire lake ndi lochotseka, la mtundu wa 18650 wa mavoti 3.7, lomwe limapezeka m'masitolo omwewo, kotero kuti likatha mphamvu simutaya wailesi yonse. Pogula tsegulani chivindikiro chakumbuyo kuti mutsimikize zimenezi, pakuti tina tili ndi batire lomatidwa m'kati.

Khadi ndiye mtima wa nkhani yonse, ndipo apa ndi pamene ntchito ya sitolo imafunika kuunikidwa mosamala. Mnyamata amene amaika nyimbo m'makhadi pa sitolo imene ndinagula anandilandira mwaulemu, ndipo nditamufotokozera cholinga changa anati, "Achimwene, ndikuikirani zonse: makwaya, maulaliki a aneneri ndi Baibulo lomwe, khadi la 8 GB limalowa zambiri." Ndinamuyankha kuti ndikufuna Baibulo lokha, mitu yake itsatane monga ilili m'buku. Iye anali ndi Chipangano Chatsopano ndi Masalimo, ndipo anandiikira zimenezo, koma mwa mtima wake wabwino anawonjezeramo nyimbo zambirimbiri monga basela. Zotsatira zake zinali zakuti mafayilo anasakanikirana: ukadina nambala yoyembekezera Uthenga wa Luka pankatuluka nyimbo yovinitsa, ndipo mayi, amene sangaone kagalasi, anasokonezeka n'kukapachika pa msomali. Nditabwerera nalo khadilo, mnyamatayo sanakangane nane. Anafufuta zonse, anaikanso mitu mwa dongosolo lake, ndipo sanandilipiritse kachiwiri. Pa ulemu ndi kukonza cholakwa ndimupatsa ulemu wake, koma pa kumvetsa chimene wogula akufuna pakufunika kusintha, chifukwa ogulitsa ambiri amaganiza kuti khadi lodzaza ndilo khadi labwino.

Musanaike mawuwo, funsaninso kuti ndi a Baibulo liti. Buku Lopatulika, limene linatha kumasuliridwa mu 1922 pa ntchito imene anatsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, ndilo limene okalamba ambiri a CCAP analoweza kuyambira ku sukulu ya Sande ndi ku kalasi. Buku Loyera, limene linatuluka mu 1998 mwa mgwirizano wa Akatolika ndi mipingo ina, lili ndi Chichewa chosavuta kwa achinyamata. Kwa mayi anga ndinasankha Buku Lopatulika, ndipo ndikuona kuti kusankha kumeneku kunathandiza kwambiri, pakuti wowerenga akayamba ndime iwo amaimaliza ndi pakamwa pawo, ndipo mawuwo sakhalanso a m'wailesi koma awoawo. Ndi chinthu chabwinonso kufunsa ku mpingo wanu kapena ku Bible Society of Malawi za mawu ojambulidwa movomerezeka, popeza mafayilo ongopatsirana m'makompyuta nthawi zina amakhala oduka kapena osowa mitu.

Khadi likakonzedwa bwino, manambala amakhala osavuta. Chipangano Chatsopano chili ndi mitu 260 ndipo Masalimo alipo 150, choncho mafayilo onse amakwana 410. Mateyu 1 ndi nambala 1, Marko 1 ndi 29, Luka 1 ndi 45, Yohane 1 ndi 69, ndipo Machitidwe 1 ndi 90. Masalimo akaikidwa pambuyo pa Chivumbulutso, mumangowonjezera 260 pa nambala ya salimo, kotero kuti Salimo 103 limakhala 363 ndipo Salimo 136 limakhala 396. Tinalemba manambala amenewa m'kope ndi zilembo zazikulu, ndipo mdzukulu wawo wa Sitandade 6 ndiye amadina. Mayi nawonso analoweza malo a mabatani ochepa ndi chala, moti tsopano amapeza okha masalimo amene amawakonda. Kawailesi kathu kamakumbukira pamene kanalekera kakazimitsidwa, ndipo zimenezi muyese m'sitolo momwemo, chifukwa kamene sikakumbukira kamakubwezerani ku mndandanda wa makolo a Yesu tsiku ndi tsiku.

Tsopano ndifike pa funso langa lenileni. Yankho langa n'lakuti kawailesika kamathandiza, ndipo kamathandiza makamaka chifukwa kamawerenga mutu wonse wosadumpha. Munthu wovutika amamva kawirikawiri ndime imodzi yokha kuchokera kwa omuzungulira, ya pa 1 Atesalonika 5:18, yakuti "M'zonse yamikani," ndipo ikanenedwa mwamsanga kwa munthu amene wangotaya nyumba kapena mwana, imamveka monga lamulo lomutseka pakamwa. Koma kawailesi kakamawerenga mutu wonsewo, pa nambala 187, munthu amamvanso kuti mtumwi Paulo, asanalankhule za kuyamika, analamula mpingo kuti ulimbikitse amantha mtima, uchirikize ofooka ndi kuleza mtima pa onse. Kuyamikako kumakhala pakati pa anthu onyamulana, ndipo womva amazindikira kuti sanasiyidwe yekha ndi katundu wakuti aoneke wokondwa.

Masalimo ndiwo anagwira ntchito yaikulu m'nyumba mwathu. Poyamba mayi sankafuna masalimo achimwemwe. Ankabwereza Salimo 13, limene limafunsa Yehova kuti adzamuiwala mpaka liti, Salimo 42, la munthu amene misozi yake yakhala chakudya chake usana ndi usiku, ndiponso Salimo 88, limene limatha osafika pa chitonthozo chilichonse. Ena a m'banja anada nkhawa kuti masalimo amenewa akuwonjezera chisoni, koma ine ndinaona kuti akuwapatsa chilolezo cholankhula ndi Mulungu zimene ankaopa kunena. Munthu amene waleka kudandaula kwa Mulungu nthawi zambiri amakhala atalekanso kumuyamika, chifukwa zonse ziwiri zimafuna kuti ukhale ukulankhula naye. Patapita nthawi iwo okha anapempha Salimo 103, ndipo pamene wowerenga anafika pa mawu akuti "Lemekeza Yehova, moyo wanga, ndi kusaiwala zokoma zake zonse," anamuuza mdzukulu wawo kuti, "Taimitsa kaye, mwanawe," ndipo anayamba kutchula anyamata amene anawanyamula pamsana usiku wa madzi uja, banja la Chisilamu la pamtunda limene linawasunga asanapite ku msasa, ndi amayi a Chigwirizano amene anawabweretsera zitenje ndi mapoto.

Kuchokera pamenepo panabadwa chizolowezi chimene ndikuchiona kukhala njira yoyenera yogwiritsira ntchito chipangizochi. Madzulo akatha kudya, kaya ndi kondowole wa usipa kaya ndi phala lokha, amamvera mutu umodzi, kenako amadina batani loimitsira, ndipo aliyense wa m'nyumbamo amatchula chinthu chimodzi chimene Mulungu wawachitira tsiku limenelo. Sachedwa ndi mawu aakulu. Amatchula zinthu zenizeni, monga kuti malungo a mwana atsika, ganyu wapezeka kumunda wa mpunga, kapena mbewu ya chinangwa yaphuka. Akatero amatchulanso poyera zimene zikusowa, ndipo amapempherera zonse pamodzi, monga momwe Afilipi 4:6 amalangizira kuti zopempha zathu zidziwike kwa Mulungu pamodzi ndi chiyamiko. Batani loimitsirali ndilo lofunika koposa pa kawailesi konse. Kakasiyidwa kakulankhula kuyambira m'mawa mpaka usiku, mawu ake amasanduka phokoso la pakhomo lomwe palibe akulimva, ndipo batire limatha pachabe.

Pali mitu ina imene anthu a kunyanja timaimva ndi khutu losiyana ndi la anzathu a kumtunda. Salimo 107, pa nambala 367, limakamba za otsikira kunyanja m'zombo, amene namondwe anawakweza ndi kuwatsitsa mpaka nzeru zawo zonse zinatha, ndipo limabwereza kangapo kuti anthu ayamike Yehova chifukwa cha chifundo chake. Aliyense amene anadikirirapo pagombe m'nyengo ya mwera, bwato la mwana wake litachedwa kubwera, safuna womumasulira salimo limeneli. Mpingo wa kuno unadziwa zimenezi kuyambira pachiyambi, pakuti Bishopu Chauncy Maples wa Anglican anamira m'nyanja yomweyi mu 1895, ndipo manda ake ali ku tchalitchi cha All Saints pa boma pano. Machitidwe 27, pa nambala 116, ndi mutu wina umene mayi amaupempha kawirikawiri. M'ngalawa munali anthu 276, namondwe anali atawazunza masiku 14, ndipo Paulo anatenga mkate nayamika Mulungu pamaso pa onse kusanache, ngalawayo isanasweke ndiponso munthu aliyense asanaponde pamtunda. Mayi anati chimene chinawakhudza n'chakuti ngalawayo inaswekadi ndipo katundu anatayika, koma kuyamikako sikunali kwabodza. Chimodzimodzinso pa 1 Akorinto 11, pamene timamva kuti Ambuye Yesu anayamika pa mkate usiku womwewo umene anaperekedwa.

Chosowa chachikulu pa khadi lathu ndi mabuku ena a Chipangano Chakale, ndipo pa nkhani ya kuyamika m'masautso kusowa kumeneku n'kopweteka. Mulibe Yobu, amene atataya ana ndi chuma anati, "Yehova anapatsa, Yehova watenga, lidalitsike dzina la Yehova," koma m'mitu yotsatira analira ndi kufunsa mafunso ovuta popanda Mulungu kumutaya. Mulibe Maliro a Yeremiya, m'mene munthu wokhala pakati pa mabwinja a Yerusalemu amakumbukira kuti chifundo cha Yehova chimaoneka chatsopano m'mawa ndi m'mawa. Mulibenso Habakuku 3, mutu umene mlimi aliyense wa m'chaka cha 2024 akanaumva monga wake, pakuti mneneriyo amawerenga mitengo yosabala, minda yopanda chakudya ndi makola opanda ziweto, kenako n'kunena kuti adzakondwerabe mwa Yehova. Mitu imeneyi amawawerengera mdzukulu wawo kuchokera m'Baibulo la pepala limene tinagula pambuyo pake. Baibulo lonse la mabuku 66 lili ndi mitu 1,189, ndipo likhoza kukwana bwinobwino m'khadi la 8 GB, choncho amene angapeze lonse asazengereze, koma atsimikize kuti kagalasi ka wailesi yake kamalandira manambala anayi.

Mbali ya FM ili ndi ubwino wake ndi ngozi yake. Kuno wailesi ya Nkhotakota Community Radio imamveka bwino, ndipo mauthenga a maliro, a zaumoyo ndi machenjezo a mphepo ya panyanja ndi ofunika kwa banja lililonse. Mapemphero a Lamulungu oulutsidwa pa wailesi amathandizanso okalamba amene miyendo yawo siwalola kufika ku tchalitchi m'nyengo ya matope. Koma pa mawailesi ena, ndiponso m'maulaliki ambiri amene amaikidwa m'makhadi, mumamveka chiphunzitso chimene ndikuchikana ndi mtima wonse, chakuti kuyamika ndi njira yokakamizira Mulungu kuti akupatse chuma, ndiponso kuti munthu asonyeze kuyamika kwake potumiza ndalama pa foni kuti tsoka limuchoke. Kwa mayi wamasiye amene watsala ndi ndowa imodzi ya makaka, chiphunzitso chotere chimamulanda chakudya, ndipo chozizwitsa chikapanda kubwera chimamusiya akudziimba mlandu kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Ichi ndi chifukwa china chimene ndinaumirira kuti m'khadi mukhale Malemba okha. Pa Luka 17, wakhate Msamariya amene anabwerera kudzayamika anabwera chimanjamanja, anangogwa pa mapazi a Yesu.

Ndinenenso kuti kuyamika kumene kwabwerera m'nyumba ya mayi sikunawapange kukhala munthu wongovomera zilizonse. Iwo ndi amene anaumirira kuti nyumba yatsopano imangidwe pamalo okwera ngakhale kuti ndi patali ndi chitsime, ndipo pamene maina a olandira thandizo ankalembedwa m'mudzi, anapita okha kukafunsa chifukwa chimene mayi wina wolumala anasiyidwira. Ndimaona anthu ena akuopa kuti kuphunzitsa osauka kuyamika n'kuwagoneka tulo kuti asafunse za milatho, za ngalande ndi za kagawidwe ka thandizo. Mantha amenewo ali ndi maziko pamene kuyamikako kukulamulidwa ndi munthu wokhuta, koma zimene ndaona ine n'zakuti munthu amene wayambanso kuona zabwino zimene walandira amapezanso mphamvu yoyang'ana mnzake amene sanalandire. Pa Lamulungu la masika chaka chimenecho anapereka kambale ka mpunga kochokera pa ganyu, ndipo anapita nako ku tchalitchi popanda manyazi.

Kawailesika sikangalowe m'malo mwa anthu, ndipo ndikuopa kuti ana ambiri okhala m'tauni angakagule n'kuganiza kuti udindo wawo watha. Sikamva munthu akamalira, sikafunsa ngati wadya, ndipo sikangayankhe funso la gogo amene sanamvetse ndime. Phindu lake linaoneka kwa ife chifukwa panali mdzukulu wodina mabatani, amayi a Chigwirizano obwera Lachinayi kudzamvera nawo, ndi mkulu wa mpingo wa m'deralo amene amafotokoza pamene pavuta. Pakufunikanso ulemu kwa anansi. Nkhotakota ndi boma limene Akhristu ndi Asilamu timakhala khomo ndi khomo, timamwa pa mjigo umodzi ndi kuikirana maliro, ndipo sikoyenera kukweza wailesi usiku kapena m'bandakucha ngati kuti tikupikisana ndi anzathu pa mapemphero awo.

Za mtengo ndingonena kuti umasintha pafupipafupi motsatira kwacha, ndipo umasiyana ndithu pakati pa sitolo ndi sitolo pa msika umodzi womwewo, choncho yendani mufunse musanatulutse ndalama. Khadi limagulitsidwa palokha, ndipo kuika mawu kuli ndi mtengo wakenso. Chenjerani ndi makhadi otsika mtengo modabwitsa, chifukwa ena amalembedwa kukula kumene alibe ndipo mafayilo ake amafufutika okha pakapita masabata ochepa. Musachoke m'sitolo musanamvere mutu woyamba, wina wapakati ndi wotsiriza, ndipo pemphani lisiti pamodzi ndi lonjezo lakuti mukhoza kubweza kakavuta m'masiku oyambirira, pakuti tiwailesi timeneti tilibe chitsimikizo cha kampani. Kunyumba kasungeni m'kathumba ka pulasitiki pamalo okwera m'nyengo ya dzinja. Chinyezi cha kunyanja chimadyetsa dzimbiri pa tizitsulo ta batire, ndipo nyerere zimakonda kulowa m'sipika.

Amene ali ndi foni yamakono ndi ndalama ya intaneti akhoza kumvera Baibulo la Chichewa pa foni pomwepo, ndipo kwa iye kawailesika n'kosafunika kwenikweni. Amene makutu ake anagontha kwambiri sikamuthandiza, pokhapokha mutayesa ndi mahedifoni m'sitolo. Koma kwa okalamba a maso ofooka, kwa amene sanapite patali ndi sukulu, kwa odwala ogona ndi kwa mabanja okhala kopanda magetsi, ndikukavomereza ndi mtima wonse ngakhale kali ndi sola yofooka ndi eriyo yosalimba. Pempho langa likupita kwa mipingo ya m'boma lino ndi ya ku Salima: ntchito yokonza makhadi isasiyidwe m'manja mwa masitolo okha. Achinyamata a mpingo amene amadziwa kompyuta akhoza kupeza mawu ovomerezeka a Baibulo lonse, kuwaika mwa dongosolo limodzi, ndi kusindikiza pepala limodzi la manambala a mabuku ndi zilembo zazikulu, kuti aliyense wogula kawailesi apite nako ku tchalitchi n'kukalandira khadi ndi pepalalo pa mtengo wa khadi lokha.